Msakatuli wa intaneti

Msakatuli ndi pulogalamu ya pa foni kapena pa kompyuta yomwe munthu amatsegulira masamba a pa intaneti. Ku Malawi anthu ambiri amangoti browser, kapena amatchula dzina la pulogalamu yeniyeniyo, monga Chrome, Opera Mini, Firefox, Safari kapena Edge. Msakatuli si intaneti, ndiponso si Google. Google ndi tsamba lofufuzira zinthu, ndipo munthu amalifika kudzera mwa msakatuli. Ambiri amasokoneza ziwirizi chifukwa kampani ya Google ndi yomwenso inapanga Chrome.

Mbiri

Msakatuli woyamba anapangidwa ndi Tim Berners-Lee m'chaka cha 1990, pomwe ankagwira ntchito ku bungwe la CERN pafupi ndi mzinda wa Geneva. Mu 1993 kunatuluka Mosaic, yemwe anatchuka chifukwa ankaonetsa mawu ndi zithunzi pa tsamba limodzi. Kenako kunabwera Netscape Navigator mu 1994, Internet Explorer mu 1995, Safari mu 2003, Firefox mu 2004 ndi Chrome mu 2008. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Internet Explorer mu June 2022, choncho kompyuta zakale zomwe zikudalirabe pulogalamuyi zimalephera kutsegula bwino masamba ambiri a masiku ano.

Kwa Amalawi ambiri, khomo loyamba lolowera pa intaneti linali Opera Mini pa foni ya mabatani. Pulogalamuyi inatuluka mu 2005 kuchokera ku kampani ya ku Norway. Imatenga tsamba n'kulipanikiza kaye pa makompyuta a kampaniyo lisanafike pa foni, motero data siitha msanga ndipo tsamba limatseguka ngakhale netiweki ili yofooka.

Momwe amagwirira ntchito

Tsamba lililonse limasungidwa pa kompyuta ina yotchedwa seva, ndipo lili ndi adiresi yake. Munthu akalemba adiresi m'kabokosi ka pamwamba, msakatuli amafunsa komwe kuli sevayo, amapempha tsambalo, kenako amalumikiza mawu, zithunzi ndi mabatani kuti zioneke pa foni. Pempholi limadutsa pa nsanja ya TNM kapena Airtel lisanafike kwa seva, yomwe kawirikawiri imakhala kunja kwa dziko. Ma adiresi a ku Malawi amathera ndi .mw, ndipo a maunduna ndi nthambi zambiri za boma amathera ndi .gov.mw.

M'kabokosi komweko munthu akhoza kulembamo mawu wamba, ndipo msakatuli amawatumiza ku tsamba lofufuzira. Masamba angapo amatha kukhala otsegula nthawi imodzi, lililonse pa tabu yake, koma pa foni ya mphamvu zochepa matabu akachuluka foni imayamba kuchedwa.

Ku Dowa ndi ku Ntchisi

M'maboma awiriwa anthu ambiri amatsegula intaneti pa foni, osati pa kompyuta. Ophunzira amafufuzirapo zotsatira za mayeso a MANEB ndi kulembetsa malo m'sukulu za ukachenjede za boma kudzera ku bungwe la NCHE. Ku msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, womwe unatsegulidwa mu 1994 pafupi ndi boma la Dowa, achinyamata ena amachita maphunziro a ukachenjede pa intaneti, ndipo kalasi yawo ndi msakatuli.

Derali ndi lamapiri ndi zigwa. M'malo a malonda a m'mbali mwa msewu wa M1, monga Mponela ndi Madisi, netiweki imagwira bwino kusiyana ndi m'midzi ya kuseri kwa mapiri, makamaka cha kum'mawa komwe mtunda umatsetserekera ku Salima ndi ku Nkhotakota. Phiri likatchinga pakati pa foni ndi nsanja, mafunde amafika ofooka. N'chifukwa chake munthu amatha kulephera kutsegula tsamba ali m'nyumba, koma n'kulitsegula atakwera pa chulu.

Tsamba likakana kutseguka

Nthawi zambiri vuto silikhala la msakatuli. Anthu ena amathamangira kwa okonza mafoni kukafulasha foni, n'kutaya zithunzi ndi manambala, pomwe chovuta chinali chaching'ono. Ndi bwino kufufuza mwadongosolo, kuyambira pa zosafuna ndalama.

Choyamba ndi netiweki. Pafupi ndi timizere ta netiweki pamaoneka chilembo. E akutanthauza netiweki yakale ya 2G, yomwe imanyamula mauthenga a WhatsApp koma imalephera masamba olemera. H kapena H+ ndi 3G, pomwe 4G kapena LTE ndi yothamanga. Kuyatsa kabatani ka ndege kwa kamphindi n'kukazimitsanso kumachititsa foni kufunafuna nsanja mwatsopano.

Chachiwiri ndi mtundu wa bandulo, ndipo apa ndi pomwe ambiri amakodwa. Makampani a mafoni amagulitsa mabandulo otsika mtengo a WhatsApp kapena Facebook okha. Munthu wa bandulo yotere amalandira uthenga wokhala ndi linki bwinobwino, koma akaidina tsamba silitseguka, chifukwa linkiyo yamutulutsa mu WhatsApp n'kumupititsa kwa msakatuli, yemwe amafuna bandulo ya intaneti yonse. Ngati mu foni muli mayunitsi, nthawi zina amadyeka mwakachetechete pa mtengo wokwera.

Chachitatu ndi tsiku ndi nthawi. Kumidzi komwe foni imatchajidwa pa sola kapena ku malo otchajitsa, batire ikatheratu kapena ikachotsedwa, mafoni ena amabwerera ku tsiku lakalekale. Masamba otetezedwa, omwe adiresi yake imayamba ndi https, amakhala ndi chiphaso chosonyeza tsiku lomwe chinayamba kugwira ntchito ndi lomwe chidzathe. Tsiku la pa foni likalakwika, msakatuli amaona ngati chiphasocho n'chosavomerezeka, ndipo Chrome amalemba kuti Your clock is behind kapena Your connection is not private. Kukonza tsiku ndi nthawi kumathetsa vutoli. Tsiku likakhala lolondola koma chenjezo likubwerabe, si bwino kulemba pasiwedi pa tsambalo.

Zitatuzi zikakhala bwino, munthu ayese kutsegula tsamba lina. Likatseguka, ndiye kuti vuto lili ku tsamba loyambalo. Nambala 404 ikutanthauza kuti seva yapezeka koma tsamba lofunidwalo palibe, mwina chifukwa adiresi yalembedwa molakwika. Nambala 500 kapena 503 ikusonyeza kuti seva ili ndi vuto kapena yalemedwa, monga zimachitikira anthu ambirimbiri akamafuna zotsatira za mayeso nthawi imodzi. Pamenepo foni ilibe mlandu. Chofunika n'kudikira n'kuyesanso usiku kapena m'mamawa.

Mavuto a msakatuli weniweni ndi ochepa. Msakatuli amasunga zidutswa za masamba zotchedwa cache kuti asamazikoperenso ulendo uliwonse, ndipo zikakalamba tsamba limaoneka losokonekera kapena limaonetsa nkhani zakale. Kuzifufuta sikuwononga kanthu. Ma cookies ndi osiyana: amakumbukira kuti munthu analowa mu akaunti yake, choncho wowafufuta ayambe watsimikiza kuti pasiwedi akuikumbukira. Nayenso Opera Mini, popeza amapanikiza masamba, nthawi zina amalepheretsa mabatani a mafomu kugwira ntchito. Wodzaza fomu ya sukulu kapena ya ntchito azimitse kaye kupanikizako, kapena atsegule fomuyo mu Chrome kapena Firefox.

Chitetezo

Mauthenga olonjeza data yaulere, ngongole kapena ntchito amafala kwambiri m'magulu a WhatsApp. Masamba ake amaba chizindikiro cha kampani kapena cha boma, koma adiresi ndi yomwe imawaulula, chifukwa imakhala yosiyana ndi yeniyeni. Zilembo za https zimangotanthauza kuti uthenga wabisidwa panjira, sizitsimikiza kuti mwini tsambalo ndi wokhulupirika. Nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba siyenera kulembedwa pa tsamba lobwera ndi linki yotere. Ku Malawi milandu ya chinyengo cha pa intaneti ili pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016.

Wobwereka foni ya mnzake kapena kompyuta ya ku malo osindikizira zikalata atsegule tabu yachinsinsi, yomwe mu Chrome imatchedwa Incognito, ndipo akakane msakatuli akafunsa zosunga pasiwedi. Tabuyi ikatsekedwa siisiya mbiri pa chipangizocho, koma zikalata zomwe munthu wakopera zimatsalabe, ndipo ayenera kuzifufuta yekha asanachoke.