Tiyeni tikaone linga la ku Tete

Ife a ku Francisco Manyanga timaliona linga lakale la m'mbali mwa Zambezi. Koma ndi angati mwa ife amene amadziwa mbiri yake? Dzina lake ndi São Tiago Maior.

Kale Tete unali msika. Aswahili ankabwera kudzagula golide ndi minyanga ya njovu. Apwitikizi anafika ca m'ma 1531. Pambuyo pake anamanga linga, kuti malonda a pamtsinje akhale m'manja mwawo. Anthu nawonso anagulitsidwa ngati mbuzi.

Nanga miyala ya lingali anasenza ndani? Anasenza makolo athu, pa dzuwa lino la ku Tete limene tonse tikulidziwa. Mabuku a atsamunda anasunga maina a akapitawo. Maina a osenza miyala sanawalembe.

Ku Mérida, m'dziko la Spain, alendo amacokera kutali kukaona mlatho umene Aroma anamanga zaka pafupifupi 2000 zapitazo. Ife zakale zathu zili pafupi, ulendo wa pansi.

Loweruka tikumane m'mawa, kusanatenthe. Titenge makope ndi mapensulo. Agogo amene anamva nkhani za lingali abwere nafe, atiuze, ife tilembe.