Laser Yopangira Kunyumba

Pa 16 Meyi 1960, Theodore Maiman anayatsa laser yoyamba ku Hughes Research Laboratories, ku Malibu, ndi mwala wofiira wa ruby komanso nyali yong'anima ya ojambula zithunzi. Pofika 1964, magazini ya Scientific American inkaphunzitsa kale anthu wamba kupanga yawoyawo kunyumba, ntchito yakalavulagaga yofuna kusungunula galasi ndi kuthira gasi m'chubu.

Ine chimandikoka mtima ndi chimene chinadza m'zaka za m'ma 2000. Achinyamata ankaphwasula makina olembera DVD, n'kuzulamo ka diode kochepa ngati njere ya nandolo, n'kukalumikiza ku batire kuti kakhale laser. Luso limeneli ndimalilemekeza kwambiri. Chondidetsa nkhawa n'chakuti kuwala koteroko kumawotcha diso munthu asanaphethire n'komwe, koma ena ankayatsa osavala magalasi oteteza maso.