Mayi Paulina Chiziane ndi Amayi a m'Nkhondo

Mayi Paulina Chiziane anabadwa m'caka ca 1955 ku Manjacaze, m'cigawo ca Gaza, kumwera kwa dziko lathu. Anakulira ku Chamanculo, dera la anthu akuda mu mzinda wa Lourenço Marques, umene lero timati Maputo. Atate awo anali telala. Kunyumba ankalankhula Cicopi. Cipwitikizi anakaciphunzira kusukulu ya mishoni.

Koma mphunzitsi wawo woyamba anali agogo awo aakazi, amene ankakamba nthano madzulo pamoto, monga ife timayambira ndi "padangokhala". Ncifukwa cake iwo eni amadzinena kuti ndi wokamba nthano cabe, ngakhale alemba mabuku ambiri. Buku lawo loyamba, Balada de Amor ao Vento, linatuluka mu 1990. Panalibe mkazi wina wa ku Mozambiki amene anali atasindikizapo buku la nkhani yaitali.

Pa nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, Mayi Paulina ankagwira nchito m'bungwe la Cruz Vermelha. Anali kale ndi ana awoawo. Anayenda m'misasa ya anthu othawa kwawo, naona njala, maliro ndi amayi otaya ana panjira. Zimene anaonazo anazilemba m'buku lakuti Ventos do Apocalipse, limene linatuluka mu 1993.

M'bukumo akuluakulu a asilikali sakuoneka kwambiri. Amene timamutsatira ndi Minosse, mkazi wa mfumu ya ku Mananga. Ana ake onse atha, mudzi wapasuka, anthu akuthawa m'thengo masiku ambiri. Atafika kumudzi wa othawa, Minosse akutola ana amasiye nawalera ngati ake. Sankawadziwa, sanali abale ake. Ine ndimaona kuti pamenepa mpamene pali mtima wa buku lonse.

Inu amayi a kuno ku Domwe, zimenezi si zacilendo. Ambiri munawoloka malire kupita ku Dedza ndi ku Ntcheu, mwana kumsana, mphika pamutu. Malawi inalandira anthu athu pafupifupi miliyoni imodzi. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo anthu anayamba kubwerera kuminda yawo, ena atabereka ana a eni.

Mu 2021 Mayi Paulina analandira mphoto ya Camões, imene imaposa zonse kwa olemba Cipwitikizi. Anali mkazi woyamba wa mu Afirika kuilandira.