Makina Akale Osokera ndi Tizipangizo Take

Madzulo ano tikambirane za makina akuda aja opalasa ndi mapazi, amene timawaona pakhonde la sitolo ku Limbe, ku Zomba ngakhale kumsika wa kwathu kumudzi. Telala wokhala pamenepo nthawi zambiri amasokera makina amene ndi aakulu kwa iye pobadwa. Kodi chinsinsi cha moyo wautali chotere n'chiyani? Ndipo n'chifukwa chiyani ena lero akuwatola m'zipinda, kuwachotsa dzimbiri ndi kufunafuna tizitsulo take tonse?

Mbiri yake iyambira ku Amereka. M'chaka cha 1846 Elias Howe analandira chikalata cha boma chotsimikiza kuti makina olumikiza ulusi wapamwamba ndi wapansi anali nzeru yake. Mu 1851 Isaac Singer anatulukira ndi makina ake a singano yoyenda chotsika ndi chokwera. Awiriwa anakokerana kubwalo la milandu, ndipo Howe anapambana mu 1854. Mu 1856 opanga makina akuluakulu anagwirizana kuphatikiza nzeru zawo. Chaka chomwecho Edward Clark, mnzake wa Singer pamalonda, anayambitsa kugula molipira pang'onopang'ono, motero makina analowa m'nyumba za anthu wamba.

Makina ambiri akale a Singer amene anafika kuno sanachokere ku Amereka ayi. Kampaniyi inayamba kupanga makina ku Glasgow mu 1867, ndipo pofika 1885 inali itamaliza fakitale yaikulu pa Kilbowie, ku Clydebank, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Mtsinje womwewo umadutsa pa Blantyre wa ku Scotland, kumene anabadwira David Livingstone. Mukamva makina akutchedwa 15K, 99K kapena 201K, dziwani kuti chilembo K chikuimira Kilbowie. Ena anabwera ndi amishoni amene ankaphunzitsa kusoka, ena anagulidwa m'masitolo a amwenye, enanso anabwera ndi makolo athu pobwerera kuchokera ku Halale ndi ku Joni, pamodzi ndi njinga ndi bulangete. Fakitale ija inatsekedwa mu 1980, koma ana ake akali kulira pamakonde athu.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Makinawo sankagulitsidwa okha. Wogula ankalandiranso kabokosi ka tizipangizo tomangirira pamalo a kaphazi kopanikiza nsalu. Singano ya makina amenewa imadziwa njira imodzi yokha, yowongoka, ndipo luso lina lonse linali m'kabokosiko. Kena kanali kopiringizika ngati chigoba cha nkhono, kopinda mpendero kawiri nsalu isanafike pa singano. Kena kankavundikira m'mphepete mwa nsalu ndi kansalu kena kowonda. Kena kanali ndi kamkono kokolekera pa chomangira singano, kotero kuti singano ikamakwera ndi kutsika, kalilime kachitsulo kankakankha nsalu n'kupanga makwinya ofanana a diresi la mwana. Patapita zaka kunadzabwera kosokera mabowo a mabatani: popeza singano sikanatha kupita uku ndi uku, kachipangizoko kankagwedeza nsalu yeniyeniyo.

Mu 1889 John M. Griest, wantchito wa Singer, analandira chikalata cha kabokosi kathabwa kosungiramo tizipangizoti. Kankatambasuka n'kugona chafulati patebulo, ndipo kachitsulo kalikonse kanali ndi malo akeake. Pambuyo pake tizipangizo tinayamba kubwera m'timakatoni tobiriwira. Osonkhanitsa zakale ku Ulaya ndi ku Amereka amalimbirana mabokosi otere, makamaka akakhala osapereweramo kanthu.

Kwathu kuno kabokosi ndi kamene kankayamba kusowa. Makina ndi olemera, sasochera. Koma tizitsulo tija ana ankaseweretsa, tina tinagwa m'fumbi posamuka, ndipo kabuku ka malangizo kanadyedwa ndi chiswe. Makina akachoka kwa agogo kupita kwa mdzukulu, amafika ndi kaphazi kamodzi. Wophunzira usoki amayesa kuti ntchito yake ndi mzere wowongoka basi, n'kumatha ola lathunthu akukoka makwinya ndi dzanja. Chimene chinatayika si chitsulo chokha, komanso nzeru ya kagwiritsidwe kake.

Chokondweretsa n'chakuti makina amenewa anapangidwa kuti azikonzedwa. Thupi lake ndi chitsulo chosungunula, ziwalo zake zimamasuka ndi sikuludiraiva wamba, ndipo safuna magetsi. Okonza odziwa amayamba ndi kuchotsa ulusi ndi fumbi louma pansi pa mano okoka nsalu. Makina akauma gwa, amadonthezera palafini m'mfundo zake kuti asungunule mafuta akale, kenaka amathira mafuta a makina. Mafuta ophikira ndi adani, pakuti amauma ngati ulimbo. Maluwa agolide apathupi lake sapukutidwa ndi sipiriti kapena sopo wamphamvu, chifukwa utoto wowala umene umawateteza umasungunuka. Kansalu kofewa konyowa ndi mafuta a makina n'kokwanira. Lamba wachikopa akatha amadula wina. Pomaliza amaona ngati nsonga yokola ulusi ikukumana ndi singano pa nthawi yake, pakuti zikasemphana makina amadumpha.

Nambala yodindidwa patsinde la makina imathandiza kudziwa chaka chimene anapangidwa, popeza kaundula wa kampani anasungidwa. Palinso mwayi wina. Makina a mtundu wa 15 anatsanziridwa kwambiri ku Japan nkhondo yachiwiri itatha, ndiponso ku China, kumene kunachokera makina a Butterfly odziwika m'masitolo athu. Chifukwa cha ichi bobini, singano ndi tiziphazi tambiri timalowana, ndipo kachipangizo ka zaka 100 kangathe kugwira ntchito pa makina ogulidwa dzulo.

Choopsa lero ndi sikelo ya ogula zitsulo zakutha. Makina ongofuna palafini ndi lamba akagulitsidwa poyeza kulemera kwake, banja lataya khasu limene likanalipirira ana sukulu. Choncho, omvera, musanataye zakale za malemu agogo, tsegulani madirowa a tebulo la makina. Mukapezamo tizitsulo tosadziwika, musatiyese zinyalala. Tipukuteni ndi mafuta, mutisunge pamodzi, ndipo mupite nato kwa telala wachikulire akuonetseni ntchito yake akali moyo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.