Pulofesa Chikaonda ndi Msika wa Lizulu

Kwathu ku Ntcheu malonda sitiphunzira m'kalasi. Mwana wa ku Tsangano amadziwa mtengo wa ndowa ya mbatatesi asanadziwe kulemba dzina lake, ndipo amayi a pa Lizulu, pomwe msewu wa M1 umalekanitsa Malawi ndi Mozambique, amawerengera phindu la kabichi ndi matimati pamtima. Nchifukwa chake ndimachita chidwi ndi mbiri ya Pulofesa Mathews Chikaonda, munthu amene adaphunzira za chuma mpaka kumapeto kwa sukulu, nzeru zakezo n'kudzatipeza pamsika pomwepo.

Chikaonda adabadwa m'chaka cha 1954. Maphunziro a bizinesi adawayambira ku Polytechnic mu mzinda wa Blantyre, kenaka adapita ku Huddersfield ku Mangalande. Atachoka uko adalowera ku Amereka, komwe adaphunzira pa sukulu yotchuka ya Wharton ku Pennsylvania, natsiriza ndi digiri ya udokotala wa za chuma ku yunivesite ya Massachusetts. Kuyambira 1988 mpaka 1994 ankaphunzitsa za kayendetsedwe ka ndalama pa Memorial University ku Newfoundland m'dziko la Canada, chilumba cha chisanu ndi asodzi.

Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994, boma la a Bakili Muluzi lidamuitana kuti abwerere kumudzi, ndipo mu 1995 adakhala gavanala wa Reserve Bank. Adapeza nyumba ikuyaka. Kwacha idali itangosiyidwa kuti izidzipezera yokha mtengo, ndipo m'chaka cha 1995 mitengo ya zinthu idakwera ndi maperesenti oposa 80. Pofika 1997 kukwerako kudali kutatsika mpaka pafupifupi 9. Apa mphunzitsi uja adaonetsa kuti zimene ankauza ana a azungu zimagwiranso ntchito kuno. Komatu mankhwala ake adali owawa. Chiwongoladzanja ku mabanki chidali chokwera moti wa geni wamba sakadayerekeza n'komwe kupondako. Mpamba wa amayi a pa Lizulu unkachokerabe ku chiperegani kapena kwa akatapila. Kwacha itagwanso mu Ogasiti 1998, alimi a ku Tsangano adazimvera pa mtengo wa feteleza.

Ambiri a ife nkhope yake sitinkaidziwa, koma siginecha yake tinkaigwira tsiku ndi tsiku, pakuti idali pa ndalama zapepala zokhala ndi chithunzi cha John Chilembwe zomwe zidatuluka mu 1997. Amayi ankazimanga pa nsonga ya chitenje.

Mu 2000 adakhala nduna ya zachuma, mpando womwe adaukhala osakwana zaka ziwiri, ndipo mu 2002 adapita kukatsogolera Press Corporation mpaka 2016. Adamwalira mu 2018.

Ine chimandiwawa n'chakuti dziko lidamufuna ngati gavanala, nduna ndi bwana wa kampani, koma nzeru zake zauphunzitsi adadyerera ndi ana a ku Canada. Udindo wa Pulofesa udatsala kutsogolo kwa dzina lake mpaka imfa, pamene mnyamata wa ku Bilira kapena ku Nsipe wolowa Polytechnic m'zaka zimenezo ankangomumvera pa wayilesi akuwerenga bajeti ku nyumba ya malamulo.