Mmene likulu linachokera ku Zomba

Jambulani bwino mawu angawa, adzukulu, chifukwa ndatopa kumva ana a sukulu akunena kuti Zomba inatha mu 1975. Ife a kwa Mwambo ndi anzathu a kwa Kuntumanji tinaona ndi maso: likulu linachoka pang'onopang'ono, zaka zambirimbiri.

Poyamba panali Buchanan, wa minda ya khofi uja, amene anamanga nyumba ya Masongola. Mu 1891 Harry Johnston anakhazika boma lake pomwepo, patsinde pa phiri. Blantyre inatenga masitolo ndi mishoni, Zomba inatenga bwanamkubwa. Nanga asilikali a K.A.R., amesenjala, makalaliki ndi apolisi onsewo ankadya chiyani? Ankadya matemba a m'Chilwa muno! Agogo anga ankanyamuka pa Kachulu tambala woyamba, dengu la matemba ndi milamba yowamba lili pamutu, n'kumatsata Likangala mpaka ku boma. Pobwera ankatenga mchere, nsalu ya biriwita ndi ndalama ya msonkho, phazi litang'ambika. Bambo anga anachita zomwezo pa njinga. Likulu limenelo tinalidyetsa ndife, koma msewu wathu unangokhala wa fumbi ndi matope.

Kamuzu atatenga dziko anati likulu lipite pakati, ku Lilongwe. Mu 1968, chaka chimene nyanja inauma mpaka anthu kumayenda pansi kupita ku Chisi, ngongole ya ku South Africa yomangira mzindawo inapezeka. Nsomba kulibe, ogula nawonso akumanga katundu. Mvula ikakuona litsiro sikata. Mu 1973 anatipepesa ndi Chancellor College, ndipo mu 1975 maunduna anakwera malole.

Apa ndiye mumvetse. Mwamuna akakwatira mitala, mkazi wamkulu sachotsedwa pamudzi. Amasunga nkhokwe ndi milandu ya banja. Nyumba ya Malamulo inatsala ku Zomba mpaka 1994. Aphungu akamakumana, Kamuzu ankabwera ndithu kudzatsekulira, amayi a mbumba atadzaza msewu, ife mpunga wa pa sikimu ya Likangala tikugulitsa osatsala. Dziko linali ndi malikulu atatu: maofesi ku Lilongwe, malamulo ku Zomba, mwini wake akugona ku Sanjika.

Chimene chinandipweteka ine ndi cha nthawi ya matipate. Aphungu anawasamutsira ku New State House, nyumba yogona pulezidenti. Mu 2004 Bingu anaifuna nyumbayo, aphungu n'kumakumana mobwereka, pamene nyumba yawoyawo ili chiimire ku Zomba. Anadzapuma mu 2010, dziko la China litawamangira ina.

Mdzukulu wanga wa ku Chanco akuti ku China komweko mafumu a Ming anasamukira ku Beijing mu 1421, koma Nanjing anaisiyira maunduna ake ndi ulemu wa likulu lachiwiri. Amenewo ankadziwa mwambo. Ife anangotipatsa dzina la mzinda mu 2008.

Komabe lembani kuti Cobbe Barracks ilipo, State House ilipo, makina osindikiza zikalata za boma alipo, mayeso a ana a dziko lonse amachokera ku MANEB, ndipo makalata akale a boma amasungidwa ku National Archives. Wofuna kudziwa chiyambi cha ufumu wa kwawo, kaya ndi wa ku Karonga kaya ku Nsanje, adzakwera basi kubwera ku Zomba. Akafika, mumuuze atsikire kuno kunyanja adzamve za amene ankasenza madengu, chifukwa mayina awo m'mafayilomo mulibe.