Diploneis fenestrata: ndere yopezeka pa mathithi a Lumangwe

Diploneis fenestrata ndi mtundu wa ndere zing'onozing'ono zotchedwa ma diatom. Akatswiri a sayansi, kuphatikizapo Jonathan Taylor ndi Christine Cocquyt, analengeza za mtundu watsopanowu mu chaka cha 2014 m'magazini ya Phytotaxa, ataupeza pa mathithi a Lumangwe, pa mtsinje wa Kalungwishi kumpoto kwa dziko la Zambia.

Ndereyi siioneka ndi maso koma pa maikulosikopu basi. Imamera pa mizu ndi makungwa a mitengo imene imanyowa ndi nthunzi ya mathithiwo. Monga ma diatom onse, ili ndi selo limodzi lokutidwa ndi chigoba cha silika, chinthu chopezekanso mu mchenga ndi galasi. Dzina loti fenestrata ndi la Chilatini, kutanthauza chokhala ndi mazenera, chifukwa cha timabowo ta ngodya zinayi ta pa chigoba chake.

Kudziwa mitundu ya ma diatom n'kofunika kwambiri m'chigawo cha Copperbelt, kumene mzinda wa Kitwe umamwa madzi a mtsinje wa Kafue ndipo Ndola imadalira Kafubu. Mtundu uliwonse uli ndi madzi amene umakonda. Asidi kapena zitsulo za m'migodi zikalowa mumtsinje, mitundu ina imafa, yopirira n'kuchuluka. Motero akatswiri amapala ndere pa miyala ndi kuwerenga mitundu yake kuti adziwe ngati madzi aipitsidwa.

Ngozi yotere inachitika mu February 2025, pamene damu la zotsalira za mgodi linagumuka ku Chambishi. Madzi a asidi anafika mu Kafue, nsomba zinafa, ndipo mipopi ya ku Kitwe inatsekedwa.